Felemu ya Adada Thole

Lolemba, 3 Juni

Kuzizira. Mphepo ya ku Chikangawa yalowa mpaka m'shopu, zala zikukana kugwira ntchito. Makasitomala ake ndi ofuna kufotokopa zitupa basi. Ine Marjory, wa dipuloma ya zojambula pa kompyuta, kusiya Lilongwe kudzakhala wofotokopa zitupa pa Mzimba boma. Chikondi ndi matenda ndithu.

Koma lero kwabwera nkhani yabwino. Zondwayo wandiimbira kuchokera ku situdiyo ku Lilongwe. Chimbale chake chatsala pang'ono kutha, adzachikhazikitsa pa 13 Julaye mu holo ya pa boma pano. Nyimbo zonse ndi zija anapeka bambo ake, adada Thole, pamodzi ndi malemu mayi ake, nthawi yomwe ankatsogolera kwaya kumudzi kwawo kuseri kwa Embangweni. Chikuto cha chimbale, mapositala, matisheti a anyamata, nsalu ya amayi a kwaya, zonse akuti ndipange ine.

A komiti ya kwaya ankafuna Goodluck. Goodluck wa kashopu ka kuseri kwa depoti! Zondwayo wawakanira.

Ndipo wanenanso china. Adada akadzakondwa pa tsikulo, atumiza thenga kwathu ku Dedza kukayamba nkhani ya ukwati wathu. Chaka chonsechi yankho lawo ndi limodzi: "Tiwonenge." Mtsikana wa Chichewa, wa m'tauni, wovala buluku, wogwada ngati akutola ndalama yagwa. Tiwonenge.

Chabwino. Awona.

Lachitatu, 5 Juni

Esme, mchemwali wake wa Zondwayo, wabwera ndi positala yomwe Goodluck anapangiratu ponyengerera komiti. Akuti ndione, mwina nditengepo nzeru. Ndatengapo chimfine ndi kuseka.

Zilembo za mitundumitundu, mzere uliwonse zake, ngati anthu okangana pa msonkhano wa makuponi. Dzina la Zondwayo laling'ono, nambala ya foni ya Goodluck yaikulu. Kumwamba nkhunda, pansi mkango, pakati mathithi a madzi a dziko lina. Mkango ukufunanji pa nyimbo za kwaya? Zondwayo wamukoka m'litali kuti akwane pa pepala, mutu watalika ngati papaya, ndipo akuyandama m'mitambo opanda mapazi.

Chondipha ndi chithunzi cha adada. Munthuyu anakwera njinga yamoto mpaka kumudzi, n'kukajambula chithunzi chili pakhoma, m'felemu, ndi foni, fulashi ili choyatsa! Kuwala kwabwerera pa galasi, kwadya nkhope yonse. Pomwe pali adada pali dzuwa. Chooneka bwino ndi phewa la jekete ndi zala za munthu wina basi.

Esme akuti, "Koma nkhundazo zaoneka makora, mlamu." Mlamu wanena yekha. Zondilola ndi adada sizinamveke, koma ndalandira.

Ndamuuza andibweretsere chithunzi chenichenicho. Ndapemphanso cha malemu amayi, cha kuseri kwa chikuto, popeza nyimbozi ndi zawonso. Akuti kulibe. Ankathawa kamera moyo wawo wonse, akaona wojambula ankalowa kukhitchini. Anthu a kuno! Kupeka nyimbo zodzadza chimbale, osasiya nkhope.

Lachisanu, 7 Juni

Magetsi kulibe kuyambira m'mawa. Ndapita kumsika kukagula tomato, ndabwerako nditadwala maso.

Mzimba yonse yavala Goodluck. Mnyamata wa kabaza, tisheti ya woimba wina wa ku Jenda: anachapa kamodzi, zilembo zikusupuka ngati khungu la njoka. Mayi wa nyemba, tisheti ya msonkhano wa amayi: mawu onse ali pamimba, pomwe amamangira nsalu. Chooneka pamwamba ndi nkhunda. Kodi munthuyu anaonapo mzimayi atavala tisheti? Kapena amaganiza kuti anthu ndi athyathyathya ngati kompyuta yake?

Nsalu ya mpingo wina ndiye mapeto. Nkhope ya abusa pakatikati penipeni pa nsalu. Mayi akamanga, abusa akupezeka kumbuyo. Akakhala pa benchi, abusa pansi. Mpingo wonse wa amayi kukhalira abusa Lamulungu lililonse, iwo ali paguwa kulalikira za ulemu.

Ine zimenezo ayi. Ndamanga nsalu yanga yakale, ndachonga ndi choko pomwe pamagwera kutsogolo, pa ntchafu, ndi m'mbali. Nkhope ya adada ikhala pamenepo. Kumbuyo masamba a chimanga okhaokha. Mkamwana kukhalira nkhope ya apongozi, kuno kwa Angoni komwe ngakhale dzina lawo sulitchula? Angandibweze pa basi ya tsiku lomwelo.

Amati sindidziwa mwambo. Mwambo ndaulowetsa m'dizaini.

Loweruka, 8 Juni

Felemu yafika. Esme waikulunga m'chitenje, n'kuikanso m'jumbo, waifungatira pa njinga yamoto ngati khanda.

Chithunzi chakale, chofiirira. Adada ali mnyamata wa mphamvu zake, jekete lakuda, pakamwa potsegula pang'ono, akuimba. Nkhope yokongola ndithu, mphuno ya Zondwayo yomweyo. Koma wojambulayo analinso Goodluck wa nthawi imeneyo. Wadula munthu yemwe anaima pambali, wasiya dzanja lokha pa phewa la adada, pakona. Dzanja lokhakhala, zala zonenepa, la bambo wina wolima fodya. Kumbuyo khoma long'aluka ndi theka la zenera.

Esme akuti, "Adada akuti muone waka, kujula yayi. Osatsegula." Akuti usiku wathawu sanagone bwino poona msomali uli wokha pakhoma.

Ndayesa kuchisikana pa makina chili m'galasi momwemo. Felemu ndi yokhuthala, chithunzi chatalikira, chatuluka chambuu ngati nkhungu. Ndayesa ndi kamera pa khonde. Galasi lili ndi mikwingwirima ndi nkhungu za mvula zakale m'kati.

Pa nsalu nkhopeyi ikhala yaikulu ngati mbale. Ndikatumiza zambuu, ndasiyana pati ndi wa kuseri kwa depoti?

Lachiwiri, 11 Juni

Ndatsegula.

Tizitsulo ta kumbuyo tinachita dzimbiri, ndapinda ndi mpeni. Chithunzi chinamatirira ku galasi pakona imodzi, chinyontho cha zaka. Ndakoka pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira. Phwee! Kona yatsalira pa galasi.

Kenako ndayang'ana bwino, ndaseka ndekha. Nkhope ili bwinobwino. Chang'ambika ndi pa phewa pokha, pa dzanja la mlimi uja, lomwe ndimati ndichotse kale. Mulungu amakonda akatswiri.

Sikani yatuluka mwaudongo, tsitsi lililonse likuwerengeka. Phewa ndalimanganso potengera la mbali inayo, ulusi wa jekete ukugwirizana, palibe angadziwe. Khoma long'aluka ndachotsa, ndaika mtundu wa golide wofatsa. Makwinya sindinakhudze, khungu sindinayeretse. Goodluck akanawayeretsa mpaka kukhala mzungu wa ku mishoni.

Zotsalira pa galasi zija ndapala ndi lezala, ndatsuka ndi sopo, galasi likuwala ngati latsopano. Ndisindikiza chithunzi chokonzedwachi pa pepala labwino, ndichiike m'felemu momwemo. Mphatso yanga kwa adada. Anandipatsa chakale chong'aluka, ndibweza chatsopano. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Ndakondwa lero. Koyamba chibwerereni kuno ndamva kuti ndine ine.

Lachisanu, 14 Juni

Chikuto chatha. Mtundu umodzi wa zilembo, mitundu iwiri ya utoto, nkhope ya adada, dzina la chimbale. Basi. Ndachichepetsa mpaka kukula ngati chikhadabo kuti ndione mmene chizionekera pa foni ndi pa kabokosi ka fulashi ya nyimbo, popeza masiku ano ndani ali ndi wailesi ya ma CD? Chikuwerengeka. Enawa amapanga ngati chikwangwani cha pa mseu, ukachiona pa foni ndi phala.

Ndamutumizira Zondwayo. Wayankha patapita nthawi: "Zili bho, swit." Anaona n'komwe? Foni yake galasi linasweka ngati ukonde wa kangaude, ndipo mutu wake wonse uli ku ng'oma za m'situdiyo.

A komiti abwera atatu kudzaona nsalu pa kompyuta. Atcheya akuti pakuoneka pali malo ambiri opanda kanthu, bwanji tiikepo Baibulo lotsegula, kandulo, ndi mayina a komiti yonse. Ndawauza kuti nsalu si chipupa cha sukulu. Msungichuma akufuna mtundu wofiirira ngati wa maluwa a jakaranda. Ndamuuza kuti pa kompyuta ndi jakaranda, pa nsalu ya thonje udzatuluka ngati chiwindi. Atuluka akung'ung'udza m'Chitumbuka. Ndamvapo dzina la Goodluck kawiri.

Zonse zapita ku fakitale ku Lilongwe.

Lolemba, 24 Juni

Kudikira. Kufotokopa. Lendi yayandikira, inki yatsala pang'ono.

Esme waimba foni, akuti adada akufunsa felemu m'mawa uliwonse. Ndati ayembekeze, ndidzabwera nayo ndekha pamodzi ndi nsalu, zikhale zodzidzimutsa. Akuti kwaya ikamayeserera madzulo iwo akungokhala panja, akukana kulowa, pomwe nyimbo yotsekera pa tsikulo ndi yawo, adzaimba okha. Akuti sangaimbe khoma lili lopanda kanthu.

Nkhalamba ndi zinthu zawo. Chithunzi chimaimba?

Positala ya Goodluck ija ndayatsira mbaula. Yayaka bwino, chilungamo chake. Ntchito imodzi yomwe yakwanitsa.

Lachinayi, 4 Julaye

Nsalu zafika pa basi! Ndatsegula mtolo pa depoti pomwepo, sindikanatha kudikira. Golide ndi wagolidedi, chakuda ndi chakuda. Ndanyowetsa kansonga ndi kufikisa, utoto sukuchoka. Ndamanga imodzi m'shopu, ndatembenuka pa kalilole. Adada kutsogolo, adada m'mbali, kumbuyo chimanga. Ndakhala pa mpando, ndaimirira, ndakhalanso. Ulemu wokhawokha.

Goodluck anandiona pa depoti, wanditsatira mpaka kuno, wanyamulako mtolo umodzi osapemphedwa. Tisheti yake yolembedwa dzina la shopu yake, nayonso ikusupuka. Waigwiragwira nsalu, akuti, "Asisi, yatowa chomene. Kweni nkhunda palibe olo imoza?"

Ndamuyang'ana. Munthuyu alibe ngakhale nsanje. Ukamunyoza amaseka nawe. Zimatopetsa.

Lamulungu ndikupita kumudzi. Ndagula shuga ndi mafuta ophikira. Ndayeserera kugwada, mawondo akulira.

Lamulungu, 7 Julaye

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Ndafika atatuluka m'tchalitchi. Adada pa mpando wawo pa khonde, ine pa mphasa patali, Esme pakati ngati wonyamula mawu, monga mwa mwambo. Ndagwada bwino lero, palibe waseka. Nsalu aiona, agwedeza mutu, akuti yewo, ndiye zikomo wa kuno. Amayi a kwaya kuimba nthungululu. Ine chimwemwe chodzadza tsaya.

Kenako felemu. Esme waimasula, waipereka ndi manja awiri.

Aiyang'ana nthawi yaitali. Ndimadikira kumwetulira. Aipendeketsa ku dzuwa. Apukuta galasi ndi mkono wa jekete, pakona paja. Apukutanso. Aitembenuza kumbuyo ngati pali chomwe chagwera.

"Woko lili nkhu?"

Sanafunse ine. Sanafunse Esme. Esme wasuzumira, wagwira pakamwa.

Woko ndi dzanja, chimenecho ndimachidziwa. Ndayamba kufotokoza, m'Chichewa changa cha ku Lilongwe, mofulumira, kuti panali dzanja la munthu wina lomwe limasokoneza chithunzi, ndiye ndakonza. Ndinanenadi kuti ndakonza. Esme akundikodola kuti ndikhale chete, ine osamva.

Adada aika felemu pansi chafufumimba, alowa m'nyumba, atseka chitseko. Amayi aja anyamuka mmodzimmodzi. Nsalu zatsala pa mphasa.

Esme wandiperekeza kokwerera njinga. Titafika akuti, "Lija ni woko la amama."

Lolemba, 8 Julaye

Shopu sindinatsegule.

Esme wandiuza zonse pa foni. Adada akamaimba amathamanga, chibadwire. Amayi ankaima pambali pawo, dzanja pa phewa, kumawagunda ndi chala kuti asasiye kwaya m'mbuyo. Zaka zonse za ukwati wawo, pa maliro, pa zikwati, pa misonkhano ya ku Embangweni. Tsiku la chithunzicho anaona wojambula akuloza kamera, anapendekera kumbali kuthawa, koma dzanja sanachotse chifukwa nyimbo inali isanathe.

Ndiye chokhacho. Padziko lonse lapansi, chokhacho.

Bwanji osandiuza? Akuti, "Tikaghanaghana kuti waliyense wakuona." Aliyense akuona! Ine ndinaona zala za mlimi wa fodya. Inde amayiwo ankalima fodya, ndiye zala zikanakhala bwanji?

Zondwayo waimba foni masana, ndamuuza zonse. Sanakalipe, bola akanakalipa. Akuti, "Unapala ndi lezala, Marjory?" Kumbuyo ndikumva ng'oma za m'situdiyo. Akuti adada anena kuti Loweruka sabwera. Za thenga sindinafunse. Ndi pakamwa pati?

Nayenso anaona chikuto n'kunena kuti zili bho. Mayi ake enieni! Ndimafuna ndimukumbutse, ndameza.

Ndikuopa. Ndilembe poyera, ndikuopa kuti basi zatha.

Lachiwiri, 9 Julaye

Ndasanthula paliponse. Chakale chija ndili nacho m'envelopu, kona palibe, pangotsala poyera. Zomwe ndinapala zinapita ndi madzi a sopo mwezi watha. Zoyesa zambuu zija, za m'galasi, ndinafufuta tsiku lomwelo, ndinachita nazo manyazi. Ine sindisunga zinyalala m'kompyuta, ndimanyadira zimenezo. Ndafufuza ngakhale mofufutira. Mwayera.

Ndayesa kujambula dzanja kuchokera m'mutu. Zala zinali zingati zooneka? Chala chachikulu chinali kutsogolo kapena kumbuyo kwa phewa? Ndinakhala nalo tsiku lathunthu pamaso panga, litamatirira pa galasi, kenako n'kulipala. Sindikukumbuka. Chatuluka ndi dzanja la chidole cha m'sitolo ya zovala.

Ndili kuphika tiyi pa mbaula m'pamene ndakumbukira chomwe ndinayatsira mbaulayi tsiku lija.

Phewa la jekete ndi zala za munthu wina.

Ayi. Kwina kulikonse koma kumeneko ayi.

Lachitatu, 10 Julaye

Ndapita.

Kashopu kake n'kodzadza ngati mapositala ake. Sipika ikulira pakhomo, makava a foni, nkhunda pakhoma paliponse. Ndaima pakhomo ngati wodzapempha mchere. Ndanena zomwe ndabwerera, zonse, osakometsa. Ndimayembekeza kuti aseka, Mzimba yonse imve pofika madzulo.

Wangoti, "Hii, pepani asisi," n'kundipatsa mpando wothyoka.

Foni yake yodzadza mpaka siyitsegula bwino. Munthuyu safufuta kanthu! Zithunzi za maliro a chaka chatha, mbuzi za munthu, malisiti, chala chake chomwe chitatchinga kamera, mikango yotenga pa intaneti. Chilichonse kangapo. Wapukusa, wapukusa, foni yazima, taika pa chaja, wapukusanso. Ine thukuta m'nyengo yozizira ino.

Chapezeka.

Ndi chithunzi choipa kuposa zonse zomwe ndaonapo. Chopendekeka. Nkhope ya adada kulibe, pali dzuwa loyera lija. M'galasi mukuoneka mthunzi wa Goodluck mwini wake atanyamula foni, kukamwa yasa. Koma pakona, poti kuwala sikunafike, dzanja lili gwa. Mitsempha, chipsera pa chala chapakati, chikhadabo chosweka. Chala cholozera chili m'mwamba pang'ono, sichinafike pa jekete.

Chinali pakati pa kugunda. Ine tsiku lonse lija sindinaone.

Ndalira pamaso pa Goodluck. Pamaso pa Goodluck! Iye wachepetsa sipika.

Ndafunsa mtengo, wakana. Wangopempha kuti tsiku lina ndimuphunzitse kuchotsa munthu pa chithunzi osasiya mizere, akuti iye zimamukanika. Ndamuuza kuti asaphunzire.

Masana onse pa kompyuta. Nkhope ya sikani yanga, dzanja la foni yake. Ndalumikiza, ndafananitsa mtundu, mthunzi wa zala pa jekete ndaubwezera, khoma long'aluka ndi theka la zenera ndazibwezeranso. Ntchito yabwino kuposa zonse ndagwirapo. Msoko suoneka ngakhale utakulitsa. Cha Goodluck ndasindikizanso kakang'ono, kongosonyeza komwe ndatenga.

Lachinayi, 11 Julaye

Kumudzi. Njinga yamoto, fumbi, lole ya matabwa kutsogolo kwathu theka la njira.

Atuluka patapita nthawi. Mphasa yomweyo, Esme pakati. Ndapepesa, mawu ochepa, ndaphunzirapo. Esme wapereka cholumikiza chija.

Achiyang'ana. Chala chawo chapita pakona, chakhala pamenepo. Ndinaona kuti apuma mozama. Ndinati basi, zatheka.

Kenako aona kakang'ono kaja kali pa envelopu, akodola. Agwira ziwirizo, china dzanja ili, china ili. Ndipo alankhula kwa ine mwachindunji, koyamba chidziwireni, m'Chichewa chawo cholemera.

"Apa woko mwaikapo ndimwe. Apa anaikapo wokha."

Changa andibwezera. Masana anga onse, msoko wosaoneka, mthunzi wa zala. Atsegula felemu okha ndi chikhadabo, achotsa chagolide chija, aika cha Goodluck. Kakang'ono, kopendekeka, kosadzadza ngakhale theka la galasi.

Esme akuti, adada, nkhope yanu palibetu apa. Iwo akuti, "Chisko chane nkhuchimanya." Nkhope yawo akuidziwa.

Apachika pa msomali. Dzuwa lovala jekete, ndi Goodluck yasa m'galasi, pakhoma la apongozi anga mpaka kalekale.

Za Loweruka sananene. Za ine sananene. Esme wandipatsa mbatata yootcha ya panjira, sindinadye.

Lamulungu, 14 Julaye

Anabwera.

Holo yodzadza. Nsalu zanga mizere itatu ya amayi, palibe ndi mmodzi yemwe anakhalira adada. Matisheti akuwerengeka kuchokera kumbuyo. Mafulashi a nyimbo anagulidwa onse. Mayi wina wa ku Mzuzu watenga nambala yanga. Zonse zomwe ndinkafuna mwezi watha, ndipo ndinakhala pakona ngati wobwera ku maliro a munthu wosamudziwa.

Nyimbo yotsekera. Adada akwera ndi felemu m'khwapa, aiimika pa mpando, kuyang'ana kwa iwo. Ayamba bwino. Vesi yachiwiri ayamba kuthamanga, wa kiyibodi akuwathamangitsa, kwaya yatsala m'mbuyo, Zondwayo akutuluka thukuta. Kenako ayang'ana pa mpando paja, abweza liwiro okha. Amaliza pamodzi ndi aliyense. Esme amalira. Inenso, pang'ono.

Goodluck ndiye anali paliponse ndi foni yake, fulashi ili choyatsa masana dzuwa likuswa mtengo, kujambula anthu ali kumbuyo kwa zenera, kudula mitu, kugwada pakati pa kanjira. Wanditumizira kale zina. Ine ndatuluka maso ofiira ngati mfiti, pambali panga pali chigongono cha munthu, kumbuyo msungichuma akuyasamula.

Zondwayo anandigwira dzanja potuluka, mwachangu, anthu asaone. Sitinakambe.

Esme wabwera masana ano kuchokera kumudzi, wakhala pa mpando wa makasitomala, wavula nsapato, wapempha madzi, wayamba kukamba za mtengo wa feteleza. Ndimafuna kumukanyanga pakhosi. Kenako akuti adada amutuma. Thenga anyamuka kupita ku Dedza mwezi uno ukatha.

Ndinagwira tebulo.

Akuti koma pali mawu amodzi. Makadi a ukwati, nsalu, zonsezo mkamwana apange yekha mmene akufunira, akuti luso ali nalo. Koma zithunzi za tsikulo ajambule Goodluck.

"Akuti yura wakufumiskamo munthu yayi," watero Esme. Sachotsamo munthu.

Ukwati wanga. Diresi langa. Fulashi masana, mitu yodulidwa, mwina ndi nkhunda pamwamba.

Ndati yewo.